Kupita ndi ana ku mpira Loweruka mu Lilongwe popanda kugonetsa ntchito za pakhomo

Ana anga ndinawalonjeza mu Epulo kuti ndidzawatengera ku sitediyamu. Loweruka lililonse linkabwera ndi zake: lero maliro kwa aneba, sabata yamawa chinkhoswe cha mphwake wa mnzanga wa kuntchito, linalo ufa watha ndipo kuchigayo kulibe magetsi. Pofika mu Julayi, wachisamba wanga wa zaka 11 anangosiya kufunsa. Akanalira bwenzi zili bwino. Kukhala chete kwakeko ndi kumene kunandichititsa manyazi, mpaka tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba n'kuwerengera bwinobwino kumene Loweruka lathu limathera. Tinapeza kuti mpira wa masana umalephereka chifukwa cha zimene sitinachite Lachisanu. Zotsatirazi ndi zimene takhala tikuchita kuchokera pamenepo. Ife timakhala ku Area 25, ndiye malo amene nditchule ndi a mu Lilongwe, koma wa ku Ndirande kapena ku Chibavi angosintha mayina.

Pakati pa sabata: sankhani masewera, ndipo musayambire aakulu

Pofika Lachitatu ndandanda wa masewera a kumapeto a sabata umakhala utamveka kale pa wailesi ndi pa masamba a Facebook a matimu. Onani zinthu zitatu: akusewera ndani, pa bwalo liti, nthawi yanji. Masewera a ligi yaikulu nthawi zambiri amayamba cha m'ma 2:30 kapena 3 koloko masana. Mtengo wa pageti umasiyana malinga ndi kukula kwa masewera komanso mbali imene mukufuna kukhala, choncho ufufuzeni sabata yomweyo. Musadalire mtengo umene munalipira chaka chatha.

Mtima wa kholo umafuna kuti ulendo woyamba ukhale wa masewera otchuka, monga Bullets kapena Wanderers ikabwera kudzakumana ndi Silver Strikers, kapenanso Flames ikamasewera pa Bingu National Stadium. Ine ndikuti dikirani kaye. Mwana wa zaka 7 sasiyanitsa fainolo ndi masewera wamba a pakati pa ligi. Chimene akufuna n'kuona udzu wobiriwira, goloboyi akuuluka, ndi anthu akuluakulu akuvina ngati ana. Zonsezo azipeza pa Civo Stadium ku Area 9, pa Silver Stadium ku Area 47, kapena ku Nankhaka ku Area 30, kumene Blue Eagles imasewerera, pa tsiku loti anthu sanadzaze. Kumeneko mumakhala pafupi ndi bwalo, mwana amamva ngakhale kochi akukalipira osewera ake, ndipo akafuna kuchimbudzi simukankhana ndi khamu.

Pali chifukwa china cholemera kuposa pamenepa. Pa 6 Julayi 2017, pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira, anthu anapondana pa geti la Bingu National Stadium, bwalo limene linali litangotsegulidwa chaka chomwecho. Anthu 8 anamwalira, ndipo 7 mwa iwo anali ana. Bwalolo ndi lalikulu, limalowa anthu pafupifupi 40,000, koma khamu lonselo limadutsa pa mageti opapatiza, ndipo wamfupi ndi amene amasowa mpweya poyamba. N'chifukwa chake ine sinditenga ana pa tsiku limene alengeza kuti kulowa n'kwaulere, ngakhale thumba likondwere bwanji. Ku Bingu mudzapita ndithu, koma mwana atazolowera kaye mabwalo aang'ono ndipo akudziwa chochita akasochera.

Mukasankha, uzani a kunyumba kwanu tsiku lomwelo, musanauze ana. Mwina mayi ali ndi bridal shower kapena kwaya Loweruka lomwelo ndipo akudalira kuti inu mutsala ndi wamng'ono. Ana muwauze Lachisanu, zinthu zitatsimikizika.

Lachisanu madzulo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Pochoka kuntchito musapite kaye kokacheza.

Yambani ndi ndalama. Werengerani matikiti, minibasi popita ndi pobwera, ndi kenakake kotafuna, kenako muwonjezerepo yobwerera pa takisi zinthu zikavuta. Ndalama imeneyi itapeni Lachisanu lomwelo kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mupemphe kuti ina ikhale yosinthasintha. Loweruka masana pafupi ndi sitediyamu ma ejenti amakhala atatheredwa, netiweki nayo imalemera chifukwa cha khamu, ndipo wogulitsa mtedza sakhala ndi chenji cha K5,000. Mukafika kunyumba ikani ndalamayo mu envelopu kapena muipereke kwa mayi asunge. Ikakhala m'thumba limodzi ndi ya ndiwo, imathera ku ndiwo.

Gulani mayunitsi a magetsi pa foni usiku womwewo. Ngati madzi akutuluka, dzazani zidebe ndi diramu, chifukwa mpope ukauma Loweruka m'mawa ndiye kuti kuchapa kwaima, ndipo kuchapa kukaima zonse zimatsalira m'mbuyo. Mayunifomu anyikeni m'madzi a sopo ana akangovula. Chimanga chopita kuchigayo chipetedwe n'kumangidwa m'thumba, chiikidwe pafupi ndi chitseko.

Homuweki ilembedwe Lachisanu. Ana adzadandaula, koma ili ndi tsiku lokhalo limene muli ndi chowanyengerera nacho: palibe homuweki, palibe mpira. Kwathu imatha msanga kuposa tsiku lina lililonse.

Chomaliza, tchajani foni mpaka idzaze, ndipo lembani nambala yanu ndi ya mayi pa timapepala tiwiri kapena titatu. Ntchito yake muiona kutsogoloku.

Loweruka m'mamawa mpaka 11 koloko

Dzukani ngati tsiku la ntchito. Kuchigayo pitani kusanathe 6 koloko, mzere usanatalike komanso magetsi asanayambe zawo. Ngati mukufuna kukonoletsa, musayembekezere kuti zonse zitha lero. Konoletsani, mphale ikanyikidwe, kugayitsa kudzachitika mkati mwa sabata. Lero gayitsani mgaiwa wokwanira masiku angapo basi.

Gawanani ntchito m'malo moyenda nonse pamodzi ngati ulendo wa ku ukwati. Mmodzi atsale akuchapa ndi ana akuluakulu, winayo apite kumsika. Msika wa Loweruka la mpira ndi wa pafupi ndi kwanu, ngakhale tomato wake akwere pang'ono. Kwa Tsoka, ku Lizulu kapena ku Wakawaka zinthu zimatsika mtengo, inde, koma mukangolowa m'tauni Loweruka m'mawa mwataya maola atatu pa mlatho ndi m'depoti. Kogula zambiri za mwezi wonse pitani Loweruka lina. Lembani mndandanda waufupi: ndiwo za lero ndi mawa, makala, mafuta ophikira, buledi wa Lolemba, polishi wa nsapato. Polishiyo timamuiwala kawirikawiri, n'kumukumbukira Lamulungu usiku okala atatseka.

Wofunika kumeta apite ndi amene akupita kumsika, amusiye kometa, adzamutenge pobwerera. Koma kuluka tsitsi la mtsikana musakuyambe tsiku limeneli. Aliyense amene anadikirapo pa saluni akudziwa kuti "tatsala pang'ono" amatanthauza maola awiri. Zimenezo ndi za Lamulungu masana.

Nanga kukagwa maliro? Awo sakambirana ndi munthu, ndipo ngati ndi a pachibale kapena a nyumba yoyandikana nayo, mpira wagwa basi. Ana auzeni zoona, muwapatse tsiku lina lenileni, lotchula deti. Ngati ndi a patali pang'ono, kagoneni kusiwa Lachisanu usiku kapena kapepeseni m'mamawa, mupereke chipepeso, mutsanzike mwaulemu. Za maukwati ndi zinkhoswe, perekaniperekani wanu mukhoza kutumiza kudzera mwa mnzanu. Mwini ukwati adzaiona ndalamayo, pamene mpando wanu wopanda munthu sauzindikira n'komwe.

Pofika 11 koloko nsima ikhale ili pamoto. Ana adye nsima yeniyeni, akhute, asananyamuke. Mwana wa njala pa sitediyamu amaloza chilichonse chodutsa, ndipo mudzapeza kuti chiwaya ndi mafirizesi zadya ndalama yoposa ya matikiti.

Zovala ndi zonyamula

Nsapato zikhale zotseka. Masilipasi amavuka m'khamu, ndipo mwana akawerama kuti atole ndi pamene amagwetsedwa. Zipewa n'zofunika kwambiri kuyambira mu Seputembala mpaka mvula itayamba, chifukwa ku open stand dzuwa limakuwombani kuyambira pofika mpaka pochoka. Mu Juni ndi Julayi nyamulani majuzi; masana kumatentha bwinobwino, koma ikangokwana 4 koloko kamphepo kamayamba ndipo simenti imazizira. Chitenje chimodzi chimagwira ntchito zambiri: kukhalira, kufunda, kuphimba mutu.

Madzi akumwa atengeni kunyumba m'mabotolo apulasitiki. Agalasi sawalola pageti. Onjezani nthochi, mtedza wokazinga kapena zitumbuwa, tishu, ndi kasopo kakang'ono. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndiye za madzi omanga m'timapepala osadziwika kumene atungidwa ine ndinasiya, makamaka nyengo ya mvula.

Za mitundu ya zovala samalani. Maule (Bullets) ndi ofiira, Manoma (Wanderers) ndi a buluu, Silver nayo buluu wowala. Mwana akavala jezi ya timu yake zimakoma, koma onetsetsani kuti mukakhala mbali ya timu imeneyo. Ngati simukudziwa bwino kakhalidwe ka bwalolo, avale zamtundu wina uliwonse, makamaka wowala woti muzimuona patali.

Musanatuluke pakhomo, jambulani mwana aliyense pa foni mmene wavaliramo. Akasochera mudzaonetsa apolisi chithunzi cha lero lomwe, m'malo moyamba kukumbukira ngati anavala malaya achikasu kapena obiriwira. Kapepala ka manambala kaja kalowe m'thumba la aliyense. Wamkulu aloweze nambalayo pamtima, muimufunse muli m'minibasi.

Wosakwana zaka 5 atsale. Phokoso la mavuvuzela limamuopsa, mphindi 90 kwa iye ndi chaka, ndipo inu mudzathera masewera onse mukumunyengerera. Munthu wamkulu mmodzi asapitirire ana awiri, popeza manja ndi awiri. Ana a aneba akamakakamira kuti apite nawo, kholo lawo libwere.

Pa msewu ndi pageti

Nyamukani kuti mukafike patatsala ola lathunthu kapena kuposerapo. Pa masewera aakulu, maola awiri. Kwerani minibasi kapena gwirizanani ndi banja lina mubwereke takisi imodzi. Kabaza wa njinga yamoto ndi wachangu, koma kukweza ana awiri ndi inu pa njinga imodzi, opanda zipewa zotetezera mutu, pa tsiku loti madalaivala onse akuthamangira kumodzi, ayi ndithu. Ngati muli ndi galimoto, iimikeni patali pang'ono, moyang'ana kumene mudzatulukire, ndipo musasiye kanthu pa mpando.

Matikiti gulani pa malo ovomerezeka, ndipo ngati akugulitsiratu masiku a m'mbuyo, guliranitu. Panja pamakhala anyamata okuitanani kuti, "Bwana, bwerani kuno ndikulowetseni motchipa." Musawamvere. Tikiti yachinyengo ikakanidwa pageti mwataya ndalama, ndipo ana akuonerani mukukangana. Funsani pomwepo ngati ana amalipira mtengo wosiyana, chifukwa zimatengera okonza masewerawo.

Pa mzere, ana akhale kutsogolo kwanu, manja anu ali pa mapewa awo. Foni ndi chikwama cha ndalama zikhale m'thumba lakutsogolo. Mukaona kuti mzere wasanduka chigulu, anthu ayamba kukankhana ndipo geti silikuyenda, tulukanimo nthawi yomweyo chammbali, mukaime patali. Lolani chigoli choyamba chikupiteni. Mukapezeka kuti mwapanikizika kale, nyamulani wamng'ono pachifuwa kuti mutu wake ukhale pamwamba, musalimbane ndi kumene khamu likulowera, muzisendera pang'onopang'ono kumbali mpaka mutatulukamo.

Mukangolowa, musanakhale pansi, chitani zinthu ziwiri. Pitani nawo kuchimbudzi, ngakhale akane kuti sakufuna. Kenako sankhani malo amodzi oonekera, monga pamene paima ambulansi kapena a Red Cross, muwauze kuti, "Tikasowana, ubwere apa, uime, usasunthe. Ukaona wapolisi kapena mayi amene ali ndi ana, umupatse kapepalako." Muwafunse abwereze zimene mwanenazo.

Mkati mwa masewera

Ngati thumba likulola, ulendo woyamba lipirani ku covered stand. Kuli mthunzi, ndipo ambiri okhala kumeneko ndi achikulire ndi mabanja. Ngati ndi ku open, khalani kumapeto kwa mzere, pafupi ndi potulukira, kutali ndi gulu la ng'oma. Gulu limenelo ndi limene limakometsa mpira, ndipo ana adzafuna kukhala komweko, koma kumakhalanso mowa, utsi wa fodya wamkulu, ndi nyimbo zina zimene simungafune kuti zikaimbidwe ku Sande sukulu. Patali pang'ono ng'omazo zimamvekabe bwino.

Kutukwana adzakumva ndithu, makamaka woyimbira akakana penate. Musayese kutseka makutu a mwana kapena kudzudzula munthu woledzera. Ine ndimangomuuza wanga kuti, "Wawamva amalume awo? Za pano zimatsala pompano." Koma dziyang'anireninso nokha. Tsiku lina timu yanga itaphonya chigoli cha pakhomo penipeni, ndinatulutsa mawu amene sindinadziwe kuti ndimawasunga, ndipo madzulo ake anafika kwa mayi ake onse osasiyako.

Musamuphunzitse malamulo onse tsiku limodzi. Ofusayidi ikudikireni, akuluakulu omwe amakangana nayo. Mupatseni wosewera mmodzi woti azimutsatira, monga wovala nambala 9 kapena goloboyi, azikuuzani zimene akuchita. Wamng'ono muuzeni aziwerenga makona. Mtsikana musamuone ngati wangoperekeza alongo ake. Tabitha ndi Temwa Chawinga anachokera ku Rumphi n'kukafika m'maligi akuluakulu a kunja, ndipo Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, inatenga chikho cha COSAFA cha mayiko a kummwera kwa Africa mu 2023. Wanga wamkazi ndi amene amafunsa mafunso ovuta kuposa mlongo wake.

Kukatsala mphindi zisanu kuti chigawo choyamba chithe, pitaninso kuchimbudzi anthu asanakhamukireko. Nthawi yopuma ndi yotulutsa nthochi zija, ndi kugula kamodzi kokha chimene munalonjeza. Nenani kunyumba kuti aliyense adzagula chinthu chimodzi, ndipo musasinthe.

Potuluka

Pali njira ziwiri, ndipo musankhe poona mmene bwalo lilili. Ngati masewera ayenda mwamtendere, khalani pansi mpaka anthu atachepa, mphindi 15 kapena 20. Ana amasangalala kuona osewera akutuluka, ndipo mumapeza geti lili lotakasuka. Koma ngati mwaona kuti zinthu zatentha, khadi lofiira laperekedwa mokayikitsa, mabotolo ayamba kuuluka, apolisi akusendera kufupi ndi masapota, nyamukani kusanathe, ngakhale patsale mphindi 10 ndipo zigoli zili zofanana. Utsi wokhetsa misozi susankha wolakwa, ndipo kwa mwana wa chifuwa cha mphumu ndi woopsa kwambiri. Zotsatira mukazimvera pa wailesi m'minibasi.

Musalimbirane minibasi ya pageti pomwepo. Yendani pang'ono mpaka pa siteji yotsatira, ana mutawagwira manja, kumbali yoyang'anizana ndi magalimoto obwera. M'miyezi yozizira mdima umagwa isanakwane 6 koloko, ndiye za kupatukira kwa anzanu kuti mukakambirane mpira, lero ayi. Imbirani kunyumba kuti madzi osamba akhale pamoto.

Mpira ukakanika

Nthawi zina masewera amasunthidwa, kapena sabata imeneyo matimu onse a mu Lilongwe ali koyenda. Popeza ntchito munamaliza kale m'mawa, masanawo musawabweze ku ntchito zina. Fufuzani ngati kuli netiboli ku Griffin Saenda Sports Complex. Ndi m'nyumba, dzuwa kulibe, ndipo zigoli zimalowa mphindi iliyonse moti mwana satopa. Lilongwe Wildlife Centre, pakati pa Old Town ndi City Centre, ili ndi tinjira toyenda m'nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Musawalonjeze mikango, koma apusi ndi mbalame aziona, ndipo zakudya muzigwiritse chifukwa apusiwo alibe ulemu. Ndalama ikavutiratu, pa bwalo la sukulu ya pafupi ndi kwanu pamakhala mpira wa m'madera pafupifupi Loweruka lililonse, waulere, wa fumbi, ndipo kawirikawiri wokoma kuposa wa ligi.

Lamulungu

A Seventh Day angotembenuza zonsezi: kupemphera Loweruka, ntchito za pakhomo ndi mpira Lamulungu, poti masewera amakhalapo masiku onse awiri. Enafe, ngati mpingo wanu uli ndi mapemphero awiri, pitani a m'mawa kuti masana atsale. Ana adzavuta kudzuka chifukwa cha kutopa kwa dzulo, ndiye zovala za kutchalitchi zisitidwe Loweruka usiku ngati magetsi alipo.

Masana musakonze ulendo wina. Ndi nthawi ya saluni ija, ya banki nkhonde ya mayi, ndi yoti ana akasewere okha. Mudzawaona atakulunga mpira wa mapepala, wina akudzitcha Gabadinho, wosewera wa Flames uja, akuyesa kubwereza chigoli chija anagoletsa Morocco ali patali mu 2022, chimene ambiri a iwo anangochiona pa foni. Ngati kuli mpira wa ku England pa TV, onerani nawo kunyumba kapena kwa aneba. Ku video show ndi ku bala musawatengere.

Ikamakwana 4 koloko sitani mayunifomu, magetsi akadalipo. Akazima, makala a mu ayironi ayatsidwe kusanade. Aliyense apolishe nsapato zake, aike makope m'chikwama, inu musayine zofunika kusayina. Kenako tengani envelopu ija muwerenge zimene zatsala ndi zimene zapita, mulembe pa kalendala ya pakhoma Loweruka lotsatira limene mungakwanitse. Kwathu ndi kamodzi pa mwezi, Loweruka loyamba malipiro atalowa, ndipo amene amazunguliza detilo ndi cholembera ndi wachisamba uja.